Mtsikana Wosakwana Zaka 18 Akatenga Pakati: Mphamvu ndi Udindo wa Makolo pa Lamulo la Dziko ndi pa Shariah

M'makomo ambiri a m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Makanjira, Malindi ndi Monkey Bay mpaka ku Chipoka ndi Nkhotakota, tsiku limene zadziwika kuti mtsikana wa pasukulu ali ndi pakati pamamveka mawu a mitundu iwiri. Ena amati: "Wadzikulitsa yekha, adzionere yekha." Ena amati: "Ndi mwana wanga, ndichita naye zimene ndafuna," ndipo sabata isanathe akamutula kwawo kwa mnyamata. Oyambawo amaganiza kuti mimba yamutulutsa mtsikana m'manja mwa makolo. Achiwiriwo amaganiza kuti mphamvu za kholo zilibe malire. Onse akulakwitsa, pa lamulo la dziko ngakhalenso pa Shariah.

Nkhaniyi ndi yofala. Kafukufuku wa boma wa za umoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015-16 anapeza kuti atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kapena anali oyembekezera, ndipo maboma a Machinga ndi Mangochi anali pamwamba pa chiwerengero cha dziko lonse. Sukulu zitatsekedwa mu 2020 chifukwa cha Covid-19, kalembera wa boma anapeza mimba za atsikana pafupifupi 40,000 ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000. Nkhani ino ikufotokoza zimene makolo akuyenera kuchita, zimene alibe mphamvu yochita, ndi zimene mtsikanayo ali nazo mawu payekha.

Kumasulidwa kwa mwana ndi chiyani

Akatswiri a malamulo ali ndi mawu a Chingerezi oti emancipation. Tanthauzo lake ndi kumumasula mwana ku ulamuliro wa makolo asanafike zaka zimene lamulo limamuwerenga munthu kuti ndi wamkulu. Gwero lake ndi ku Roma wakale, kumene bambo ankalamulira ana ake aamuna moyo wake wonse, ngakhale atakula ndi kukwatira. Mwana ankamasuka bamboyo akamwalira, kapena akachita mwambo womumasula pamaso pa mboni.

Masiku ano ndondomekoyi imadziwika kwambiri ku America. Mwachitsanzo, m'chigawo cha California mwana amamasuka m'njira zitatu: ukwati wovomerezeka, kulowa usilikali, kapena chigamulo cha khoti. Kuti khoti livomere, mwanayo ayenera kukhala atakwana zaka 14, akukhala payekha makolo akudziwa ndipo sakuletsa, akudzipezera ndalama m'njira yovomerezeka ndi kuziyendetsa yekha, ndipo woweruza akhutire kuti kumasukako sikumuika pa mavuto. Akamasuka amatha kuchita lendi nyumba, kusayina mapepala a mgwirizano ndi kudzivomerezera chithandizo cha kuchipatala. Koma makolo ake amakhalanso atamasuka: sakakamizidwanso kumudyetsa kapena kumulipirira chilichonse.

Apa pali mfundo ziwiri zofunika kuzigwira. Yoyamba, kumasuka kuli ndi mtengo wake, chifukwa ufulu ukabwera chisamaliro chimachoka. Yachiwiri, ngakhale ku California komweko, kutenga pakati kapena kubereka sikuli pa mndandanda wa zomasula mwana. Mtsikana wa zaka 16 amene ali ndi khanda amakhalabe mwana wa makolo ake pamaso pa lamulo.

Mwana ndi ndani pa lamulo la Malawi

Kuno kwathu, gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko limati mwana ndi munthu aliyense wosakwana zaka 18. Kale gawoli linkati zaka 16, ndipo gawo 22 linkalola wa zaka 15 mpaka 18 kulowa m'banja makolo akavomera. Nyumba ya Malamulo inasintha magawo awiriwa mu February 2017, ndipo khomo la chilolezo cha makolo linatsekedwa. Izi zinagwirizanitsa malamulo oyendetsera dziko ndi lamulo la maukwati la 2015, lotchedwa Marriage, Divorce and Family Relations Act, limene linali litaika kale zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja. Lamulo la 2015 limazindikira maukwati a kwa DC, a mwambo ndi a chipembedzo, kuphatikizapo nikah, ndipo msinkhu wake ndi umodzi kwa onse.

Lamulo lina lofunika ndi la 2010 loona za chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana, Child Care, Protection and Justice Act. Ndi limene limafotokoza udindo wa makolo ndi kukhazikitsa makhoti a ana. M'malamulo onsewa mulibe paliponse pamene pakunena kuti mimba kapena kubereka kumamusandutsa mwana kukhala wamkulu. Ukwati, umene m'maiko ena umamasula mwana, kuno sungagwire ntchito imeneyo chifukwa wosakwana zaka 18 sangaulowe. Chiphaso cha unzika, chimene munthu amatenga akakwana zaka 16, nachonso sichisintha kanthu: ndi chomuzindikiritsa chabe. Choncho mtsikana wa zaka 15, 16 kapena 17 amene ali ndi pakati ndi mwana mpaka tsiku limene adzakwanitse zaka 18.

Mwambo wathu umati chiyani

Kusamvana kwambiri kumachokera pa mwambo. Kwa Ayao, mtsikana amadutsa ku nsondo kapena ku ndakula, ndipo akatenga mimba yoyamba amayi amamuchitira litiwo. Achewa ali ndi chisamba. Akatha kulangizidwa kumeneko amawerengedwa m'gulu la amayi, ndipo ena amayamba kumuyitana ndi dzina la mwana wake. Malangizo a kasamalidwe ka pathupi ndi khanda ndi abwino ngati sakutsutsana ndi chipembedzo komanso uphungu wa kuchipatala. Koma kulowa m'gulu la amayi pa mwambo sikuchotsa udindo wa makolo pa lamulo.

Palinso nkhani ya mwini mbumba. M'mabanja otsata kuchikazi, amalume, amene ambiri timati amjomba, ndiwo amakhala ndi mawu aakulu pa ana a mlongo wawo. Lamulo limaika udindo pa bambo ndi mayi a mwanayo, kapena amene akumulera m'malo mwawo. Amjomba angathe kuyanjanitsa banja ndi kutsogolera zokambirana, koma alibe mphamvu yovomereza chimene lamulo laletsa, ndipo bambo sangathawire kuti "ana ndi a kuchikazi."

Bulugh ndi rushd: zinthu ziwiri zosiyana pa Shariah

Pa Chisilamu, bulugh ndi kutha msinkhu. Zizindikiro zake kwa mtsikana ndi kusamba, kudzilotera, kapena kukwana zaka 15 zowerengera mwezi, malinga ndi madh'hab a Imam Shafi'i amene Asilamu ambiri a m'dziko muno amatsata. Pakati ndi umboni woti mtsikana anatha kale msinkhu. Kuyambira pamenepo iye ndi mukallaf, ndiye kuti swala, swaumu ndi malamulo ena ali pa khosi pake, ndipo zabwino ndi zoipa zake zikulembedwa.

Anthu ambiri amaima pomwepa n'kunena kuti mtsikanayo ndi wamkulu basi. Koma Qur'an yolemekezeka, mu Surah An-Nisaa ndime 6, pokamba za chuma cha ana amasiye, inaika zinthu ziwiri: kufika msinkhu ndi kupezeka kwa rushd, kumene ndi kukhwima nzeru kotha kuyendetsa zinthu moyenera. Wowalera analamulidwa kuwayesa kaye, ndipo chuma chiperekedwe akaona kukhwimako. Pa ndime imeneyi ma Ulama anamanga lamulo loti munthu angathe kukhala baaligh koma asanakhale rashiid, ndipo oteroyo amakhalabe pansi pa woyang'anira pa nkhani za chuma. Thupi limatha kufulumira nzeru zikadali m'mbuyo. Mimba ikuchitira umboni za thupi lokha.

Ulamuliro wa kholo pa mwana umatchedwa wilaayah. Ma Ulama amaufotokoza kuti ndi amaanah, chinthu chosungitsidwa, ndipo umagwira ntchito pa zokhazo zimene zili zomukomera mwanayo. Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alayhi wasallam), mu hadith imene ili m'mabuku a Bukhari ndi Muslim, anayerekeza aliyense wa udindo ndi m'busa amene adzafunsidwe za ziweto zake. Apa Shariah ndi lamulo la dziko zikukumana, chifukwa gawo 23 nalo limati pa chiganizo chilichonse chokhudza mwana, choyamba kuganiziridwa ndi ubwino wa mwanayo.

Udindo umene ukadali pa makolo

Popeza mtsikanayo sanamasuke, makolo akuyenera kupitiriza kumupatsa pogona, chakudya, zovala, chithandizo cha kuchipatala ndi maphunziro. Malamulo oyendetsera dziko amapatsa mwana aliyense ufulu wolandira chisamaliro kuchokera kwa makolo ake, kaya ali pa banja, analekana kapena sanakwatirane. Bambo amene ali ku Joni kapena anakwatira kwina udindowu ukumutsatira komweko.

Pa Shariah chisamalirochi chimatchedwa nafaqah. Chimagwa pa bambo chifukwa cha ubale ndi kusowa kwa mwanayo, ndipo tchimo la mwana silichichotsa. Ngati mtsikana analakwa, khomo la tawbah ndi lotsegula, ndipo makolo ndiwo oyenera kumulondolera kumeneko. Ngati anachita kugwiriridwa, alibe tchimo n'komwe, ndipo Surah An-Nur ndime 33 ikusonyeza chifundo cha Allah kwa atsikana okakamizidwa. Chisilamu chimalimbikitsanso kubisa manyazi a Msilamu mnzako, choncho nkhani ya mwana wanu isakhale yokamba pa chitsime, pa doko kapena pa magulu a WhatsApp.

Makolo akadalinso ndi mphamvu zawo. Angathe kunena kumene mtsikanayo azikhala, kumuikira malamulo a pakhomo, kuletsa mwini mimba kumabwera mwachisawawa, ndi kumuimirira ku sukulu, ku polisi kapena ku khoti. Mtsikana sanganene kuti "ndili ndi mwana, simungandiuze zochita." Kumvera makolo pa zabwino kukadali pa iye.

Zimene makolo alibe mphamvu yochita

Choyamba ndi kumuthamangitsa. Mwana wotayidwa kapena wonyanyalidwa, lamulo la 2010 limamuwerenga kuti ndi wofunika chisamaliro ndi chitetezo. Wogwira ntchito ku ofesi ya Social Welfare kapena wapolisi angathe kumutengera ku malo otetezeka, ndipo khoti la ana lingalamule kholo kupereka chisamaliro. Kukamutula kwawo kwa mnyamata ndi kumusiya komweko nakonso ndi kumuthamangitsa, ndipo pa Shariah ndi kumuika m'nyumba imodzi ndi mwamuna amene si mwamuna wake.

Chachiwiri ndi kumukwatitsa. Lamulo la 2010 limaletsa kukakamiza mwana kulowa m'banja kapena kumutomeretsa, ndipo chilango chake ndi zaka 10 ku ndende. Nikah ya mtsikana wosakwana zaka 18 boma siliyiwerenga ngati ukwati, ndipo aliyense amene watengapo mbali akudziika pa mlandu. Mafumu nawo akhala akuthetsa maukwati otere. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inatchuka mpaka kunja chifukwa chothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera anawo ku sukulu.

Pa Shariah napo pali zoti tidziwe. Imam Bukhari anasimba za Khansaa bint Khidhaam, amene bambo ake anamukwatitsa iye asakufuna, ndipo atakadandaula kwa Mtumiki (Swalla Allahu alayhi wasallam) ukwatiwo unathetsedwa. M'madh'hab a Shafi'i, mkazi amene anakhalapo kale malo amodzi ndi mwamuna, kaya mwa halal kapena mwa haram, sakwatitsidwa mpaka atavomera ndi pakamwa pake. M'madh'hab omwewa, walii ndi bambo, kenako agogo aamuna a kwa bambo, kenako mchimwene ndi ena a kuchimuna. Amjomba sali pa mndandandawu. Kuika msinkhu wa ukwati sichinthu chachilendo m'maiko a Asilamu: dziko la Morocco linaika zaka 18 mu lamulo lake la mabanja la 2004, ndipo Egypt inachita chimodzimodzi mu 2008.

Nikah yothamangira imachitika pofuna kuphimba manyazi ndi kumupezera khanda bambo. Koma pa izi zomwe ma Ulama amasiyana: a Shafi'i ndi a Hanafi amalola nikah ya mkazi amene ali ndi pakati pa chiwerewere, pamene a Maliki ndi a Hanbali amati adikire mpaka achire. Ndiponso ma Ulama ambiri amati mwana wobadwa miyezi 6 isanakwane chichitikireni nikah salumikizidwa kwa mwamunayo chifukwa cha nikah imeneyo. Choncho mimba ikadziwika itatha miyezi inayi kapena isanu, nikah yothamangirayo sipereka ngakhale chimene banja linkafuna.

Chachitatu ndi kumukakamiza kuchotsa pakati. Lamulo la milandu limaletsa kuchotsa mimba, kupatula pamene dokotala akupulumutsa moyo wa mayi, ndipo wopereka mankhwala kapena zitsamba naye ali ndi mlandu. Ma Ulama amagwirizana kuti pakatha masiku 120 kuchotsa ndi haram pokhapokha moyo wa mayi uli pa ngozi. Njira za mseri, monga zitsamba, mapiritsi ogula pa msika ndi timitengo, zimadzetsa kutaya magazi, kuwola kwa chiberekero ndi imfa. Ngati mtsikana wayesa kale ndipo akutaya magazi kapena watentha thupi, thamangirani naye ku chipatala nthawi yomweyo. Chithandizo chotere chimaperekedwa m'zipatala za boma.

Chachinayi ndi kuthetsera mlandu pakhomo. Kugona ndi mwana ndi mlandu waukulu umene chilango chake chimafika pa kukhala ku ndende moyo wonse. Msinkhu wa mwana pa mlanduwu unali zaka 13, unakwezedwa kufika 16 mu 2011, ndipo mu 2023 unafika 18. Ngati mwini mimba ndi munthu wamkulu, kaya ndi mphunzitsi, mwini boti, wobwera kuchokera ku Joni kapena wachibale, mlandu ndi wa boma. Kunena kuti mtsikanayo anavomera sikumupulumutsa, ndipo kholo lilibe mphamvu yotseka mlandu polandira ndalama zimene ambiri amati dameji. Bwalo la mfumu kapena komiti ya pa mzikiti zingathandize kukhazika mitima pansi, koma sizingaweruze mlandu wotere. Ngati mwini mimba nayenso ndi mwana, nkhani yake imayendetsedwa mosiyana, motsata malamulo a ana.

Zimene mtsikana ali nazo mawu payekha

Kukhala mwana sikutanthauza kukhala wopanda mawu. Pa nkhani ya thupi lake, lamulo la Gender Equality Act la 2013 limapatsa munthu aliyense ufulu wolandira chithandizo cha uchembere, ndipo limalamula ogwira ntchito za umoyo kumulemekeza, kusamusala ndi kumufotokozera bwino asanavomere chithandizo. Ndondomeko za boma zimalolanso mwana wa zaka 13 kuyezetsa HIV payekha. Kholo silingamuletse kupita ku sikelo pofuna kubisa mimba.

Izi n'zofunika chifukwa mimba ya mtsikana wamng'ono ili ndi zoopsa zake: kuthamanga kwa magazi kumene kumadzetsa kukomoka, kuchepa kwa magazi, kubereka masiku asanakwane, ndi kulephera kubereka chifukwa cha kuchepa kwa njira. Mwana akakhalitsa m'njira pamabooka chikhodzodzo, ndipo mtsikana amayamba kudontha mkodzo kosalekeza. Amenewa ndi matenda a fistula, amene amathandizidwa ndi opareshoni m'malo ngati ku Bwaila ku Lilongwe. Kuyambira mu 2016 bungwe la WHO limalangiza kuti woyembekezera akaonane ndi a zaumoyo kasanu ndi katatu, ulendo woyamba ukhale m'miyezi itatu yoyambirira. Ku sikelo amalandira Fansidar woteteza malungo, amene ndi ochuluka kuno kunyanja, mapiritsi owonjezera magazi, katemera wa kafumbata ndi masikito. M'madera ena muli chizolowezi chofunsa kuti woyembekezera abwere ndi mwamuna pa sikelo yoyamba. Izi zisamuchedwetse: mayi ake, azakhali kapena agogo amuperekeze ndi kufotokoza. Masiku akayandikira, akadikirire ku chipatala. M'mwezi wa Ramadhan, ngati kusala kukuika iye kapena pathupi pa chiopsezo, Shariah yamulola kumasula ndi kudzabweza.

Pa nkhani ya sukulu, kuyambira mu 1993 boma lili ndi ndondomeko yolola mtsikana amene anasiya chifukwa cha mimba kubwereranso akachira. Ngati mwini mimba ndi mwana wa sukulu, naye amayimitsidwa ndipo amabwerera m'njira yomweyo. Makolo akaonane ndi mphunzitsi wamkulu mtsikana asanasiye, kuti zilembedwe ndi kuti malo ake asungike. Ngati akuopa kusekedwa, angathe kupempha kusamukira ku sukulu ina. Lamulo la maphunziro la 2013 limati maphunziro a pulayimale ndi okakamiza kwa mwana aliyense wosakwana zaka 18, choncho kholo silingagamule kuti sukulu yathera pomwepo. Chimodzimodzi ku madrasah: amene walakwa ndiye wofunika kwambiri kuphunzira chipembedzo chake.

Mwini mimba ndi makolo ake

Kukana nikah sikutanthauza kuti mwamunayo wapulumuka. Lamulo la maukwati la 2015 limati mwamuna amene wavomera mimba, kapena amene khoti lamupeza kuti ndi mwini wake, ayenera kusamala woyembekezerayo ndi kulipira zofunika pa kubereka, ngakhale sanakwatirane. Ngati iye ndi mwana, udindowu umagwa pa makolo ake kapena omulera. Khanda likabadwa, lamulo la 2010 limalola kupempha khoti kuti ligamule za bambo wake ndi kulamula chisamaliro. Dandaulo lotere limakaperekedwa ku khoti la majisitireti kapena la ana, ndipo kholo la mtsikana lingamuimirire. Kulandira chisamaliro cha khanda ndi nkhani ina, mlandu wogona ndi mwana ndi nkhani inanso. Imodzi sifafaniza inzake.

Khandalo ndi la yani

Mayi wa khanda ndi mtsikanayo, ngakhale iye mwini ndi mwana. Agogo amathandiza kulera ndi kumuimirira pa zimene msinkhu wake sukumulola, koma sangamulande khanda n'kulipereka kwa ena iye asakufuna. Kupereka mwana kuti akhale wa banja lina mwalamulo kumadutsa ku khoti. Pa Shariah, mayi ndiye woyamba pa hadhaanah, ndiko kulera mwana wamng'ono, ndipo pambuyo pake pamabwera mayi ake a mayiyo.

Gawo 23 limati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo posatengera mmene anabadwira, ndipo ali ndi ufulu wa dzina ndi wodziwa makolo awo. Khanda lilembetsedwe ku bungwe la kalembera la NRB, zimene zimayambira ku chipatala kumene labadwira. Pa Shariah, ma Ulama ambiri amati mwana wobadwa kunja kwa nikah amalumikizidwa kwa mayi ake pa mtundu ndi pa chuma cha masiye. Ena, monga Ibn Taymiyyah, analola kumulumikiza kwa bambo ngati wamuvomera ndipo mayiyo sanali pa banja ndi mwamuna wina. Pa mfundo imeneyi banja lifunse Sheikh wodziwa bwino Fiqh. Chimene onse amagwirizana n'choti khandalo lilibe tchimo. Qur'an imabwereza m'ma Surah angapo, monga Al-An'aam ndi Faatir, mfundo yoti munthu sasenza tchimo la wina. Mwanayu amuchitire adhaan, apatsidwe dzina labwino, ndipo asamatchulidwe maina onyoza.

Kwa abale amene ali ku South Africa ndi ku Mozambique

Mabanja ambiri a kunyanja ali ndi ana ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Kumeneko lamulo la Children's Act la 2005 limati munthu amakhala wamkulu pa zaka 18. Mwana wa zaka 12 amene ndi wozindikira mokwanira angathe kudzivomerezera chithandizo cha kuchipatala. Lamulo lomweli limanena kuti ngati mayi wa khanda ndi mwana wosakwatiwa, ndipo bambo wa khandalo alibe mphamvu ya uyang'aniro, amene akuyang'anira mayiyo ndiye akuyang'aniranso khanda pa nkhani za malamulo. Apanso mimba simumasula mtsikana.

Kwa amene ali m'malire a Chiponde, Katuli ndi Makanjira, dziwani kuti kuwolotsa mtsikana kupita ku Mandimba kapena Lichinga kuti nikah ikachitikire kumeneko si njira yothawira. Dziko la Mozambique linakhazikitsa lamulo mu 2019 loletsa maukwati a osakwana zaka 18, ndipo limalanga wokwatira, makolo ndi wokwatitsa.

Poyambira ndi kokapeza thandizo

Mimba ikadziwika, choyamba ndi sikelo, chifukwa za moyo sizidikira. Chachiwiri ndi kumufunsa mtsikana modekha, pamalo obisika, kudzera mwa munthu wamkazi amene iye amamukhulupirira, kuti zidziwike ngati anakakamizidwa komanso msinkhu wa mwini mimba. Ngati ndi munthu wamkulu, nkhani ipite ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku malo a Chikwanekwane amene ali m'zipatala zina za boma, kumene a zaumoyo, apolisi ndi a Social Welfare amathandizira pamodzi. Nambala ya 116 ndi yaulere ndipo ndi yothandiza ana. Chachitatu ndi kukaonana ndi mphunzitsi wamkulu ndi amayi a Mother Group. Chachinayi ndi kukhala pansi ndi Sheikh pa za tawbah, dzina ndi mtundu wa khanda. Za ukwati zidikire. Mtsikanayo akadzakwana zaka 18 adzasankha yekha, ndipo ngati awiriwo adzafunane, nikah yawo idzakhala yovomerezeka ku mzikiti ndi ku boma komwe.

Allah ndiye Wodziwa koposa.